Ndani Anasankha Nyimbo za Kwaya ya Sukulu?

Ambiri a inu muli ndi ana amene masiku ena amacedwa kufika ku nyumba cifukwa ca kwaya ya sukulu, ndipo likafika tsiku la mpikisano kapena lotsekera sukulu mumabvala bwino ndi kupita kukawamva. Kodi munayamba mwadzifunsa kuti nyimbo zimene anawo aimba anazisankha ndani, ndipo posankha anatsata ciani? Funso limeneli labvuta aphunzitsi kwa zaka zoposa 100, ndipo mayankho ao ndiwo anaumba zambiri za nyimbo zimene mtundu wathu uimba lero, kufikira ndi nyimbo ya pfuko yomwe. Nkhani yathu ya lero ndiyo mbiri ya kusankha kumeneko.

Pamene buku linali kusankha

Masukulu oyamba a anthu olankhula Cinyanja anali a mishoni. A ku Scotland anafika ku Cape Maclear m'caka ca 1875 ndi ku Blantyre mu 1876. A Dutch anamanga pa Mvera mu 1889, ndipo mu 1899 anaoloka malire nakhazika mishoni ya Magwero pafupi ndi Fort Jameson, kumene lero ticha Chipata. M'midzi yambiri nyumba ya sukulu ndiyo inalinso nyumba yopemphereramo, ndipo ana amene anaphunzira nyimbo pakati pa sabata ndiwo anali kutsogolera makolo ao pa tsiku la Mulungu. Cifukwa cace mphunzitsi analibe cosankha ceniceni. Anali kutsegula buku la nyimbo za mpingo ndi kuphunzitsa zimene anapezamo.

Cida cace cacikuru cinali solfa, ndiyo doh, re, mi ija imene ambiri a inu munaiimba muli ana. Njira imeneyi anaifalitsa John Curwen, mbusa wa ku England, kuyambira m'zaka za m'ma 1840, ataitenga kwa mai wina wa ku Norwich dzina lace Sarah Glover. Ubwino wace unali woonekeratu. Solfa ilembedwa ndi malemba wamba, kotero kuti makina osindikizira a pa mishoni anakhoza kuisindikiza mosabvuta, ndipo mphunzitsi wokhala ndi coko ndi bolodi anakhoza kuimbitsa ana m'mau anai, sopulano, alito, tena ndi besi, wopanda limba kapena coimbira ciri conse. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo solfa inali kalumo kotero ndithu.

Koma kalumo kameneka kanadulanso zina zosayenera kudulidwa. Nyimbo ya kumudzi iyenda ndi mtsogoleri ndi obvomera, ndi m'manja ndi ng'oma zimene zipingasana mwadala, ndipo nthawi zina liu lace ligwera pakati pa makwerero a solfa. Nyimbo yotere sinali kulembeka bwino pa bolodi, ndipo ana anayamba kuganiza kuti nyimbo yosalembeka si nyimbo ya anthu ophunzira.

Bvuto lina linali m'mau. Nyimbo zambiri za m'buku zinali zotembenuzidwa kucokera ku Cingelezi, zina za mipingo ya ku Scotland, zina za m'buku la Ira Sankey wa ku America, limene linayamba kuturuka mu 1873. Tsono m'Cinyanja timakoka mphatikizo wotsatana ndi womariza, monga mumva mukachula dzina la Mulungu kapena liu lakuti cikondi, pamene mizere yambiri ya nyimbo za Cingelezi itsamira pa mphatikizo womariza weniweni. Mau athu ataikidwa pa maimbidwe otero anayamba kutsimphina. Otembenuza anali kudula mau ena kuti akwane mu mzere. Ndiponso cinenero cathu cisiyanitsa matanthauzo ndi kukweza kapena kutsitsa liu, monga mtengo wa m'nkhalango usiyana ndi mtengo wa nsaru m'sitolo, koma maimbidwe a ku Ulaya anali kukwera ndi kutsika osasamala zimenezo. Ana anaimba mokoma, koma kawiri-kawiri nkhalamba yokhala kumbuyo sinamve cimene anali kunena.

Amene anatsegula citseko

Si amishoni onse amene anakhutira ndi zimenezi. Kumpoto kwa Nyasaland, pakati pa Angoni a M'mbelwa, Donald Fraser, amene anakhazika mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, anaona kuti Angoni ndi anthu odziwa kupeka nyimbo. Iye anali kucititsa mipikisano kumene aphunzitsi ndi ana ao anabwera ndi nyimbo zatsopano zopeka okha, zina pa maimbidwe akale a ingoma, a nkhondo ndi a ukwati. Mwa opeka ochuka a dziko limenelo munali Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula, ndipo nyimbo zao zambiri zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu. Apa kwa nthawi yoyamba mphunzitsi wa kumudzi anakhala wosankha, ndiponso wopeka. Patapita zaka, mmishoni wina wa ku Scotland, Tom Colvin, anaika mau a Cingelezi pa ena a maimbidwe a ku Malawi, ndipo tsopano apezeka m'mabuku a nyimbo a ku Scotland ndi ku America. Nyimbo zimene poyamba zinakanizidwa kulowa m'sukulu zinakafika kwao kwa amishoni omwe.

Kuno kwathu, Mai Mabel Shaw wa London Missionary Society anayamba sukulu ya asungwana pa Mbereshi, ku Luapula, mu 1915. Iye analola ng'oma, magule ndi nyimbo za dzikolo kulowa m'moyo wa sukulu, ndipo masewero a Krisimasi a asungwana ace anachuka kutali. Ku Mapanza, m'dziko la Atonga, mbusa wa Anglican A. M. Jones anaphunzitsa aphunzitsi pa St Mark's kuyambira 1929 kufikira 1950. Iye anakhala pansi kwa zaka zambiri kumvetsera oimba ng'oma, naonetsa kuti nyimbo zathu ziri ndi malamulo ao olongosoka. Anaonetsanso kuti mitundu isiyana pa kaphatikizidwe ka mau. Ababemba akamaimba awiri, wina akakhala pa doh mnzace amakonda kukhala pa mi, pamene Atonga amakonda kutalikirana monga doh ndi fah. Mphunzitsi wokakamiza nyimbo ya Citonga kulowa m'mau anai a m'buku aononga cimene cinaikometsa. Buku lace lalikuru, Studies in African Music, linaturuka mu 1959.

Tisaganize kuti otsutsa anali Azungu okha. Akulu a mpingo ambiri a mtundu wathu, amene anasiya ng'oma pa tsiku la ubatizo wao, anakana kuti ibwerenso kudzera pa khomo la sukulu. Makolo enanso anati sanalipire ndalama za sukulu kuti mwana akaphunzire nyimbo zimene agogo ace akadamphunzitsa kwaulere pa mtondo. Iwo anafuna kumva mwana ali kuimba m'Cingelezi, pakuti Cingelezi ndico cinali kutsegula khomo la ukalaliki. Mphunzitsi wosankha nyimbo anali pakati pa magulu awiriwa, ndipo onse anali ndi zifukwa zao.

Nyimbo zocokera kumwera

Mtsinje wina wa nyimbo unacokera ku South Africa. Mu 1890 gulu la oimba akuda a ku America, lotsogozedwa ndi Orpheus McAdoo, linafika ku Cape Town niliyenda m'mizinda yambiri kuimba nyimbo zimene makolo ao anapeka ali mu ukapolo. Aphunzitsi a kumeneko anazikonda, pakuti zinali m'mau anai monga za m'buku, koma zinali ndi mtsogoleri ndi obvomera monga za kumudzi, ndipo zinali kunena za anthu osautsidwa oyembekeza kumasulidwa. Posacedwa aphunzitsiwo anayamba kupeka zao.

Mmodzi wa iwo anali Enoch Sontonga, mphunzitsi pa sukulu ya Methodist ku Nancefield, pafupi ndi Johannesburg. Iye anali kulemba nyimbo za ana ace m'solfa, ndipo mu 1897 anapeka ina m'Cixhosa, yochedwa Nkosi Sikelel' iAfrika, imene iri pemphero lopempha Mulungu kudalitsa Africa. Sontonga anamwalira mu 1905 akali mnyamata, osadziwa kumene nyimbo yace idzafika. Kwaya ya sukulu ya Ohlange ku Natal, imene anayambitsa John Dube, inaitenga ndi kuiimba m'maulendo ace. Mu 1912 inaimbidwa pa msonkhano woyamba wa bungwe limene pambuyo pace linachedwa African National Congress, ndipo mu 1923 Sol Plaatje anaijambulitsa pa mbale ya galamafoni ku London. Pa Ohlange pomwepo panali mphunzitsi wina, Reuben Caluza, amene anapeka nyimbo zonena za moyo wa m'tauni ndi za lamulo la 1913 lolanda anthu akuda malo. Iye anaphunzitsa ana kuyenda ndi kugwedezeka poimba, m'malo moima ciriri monga asilikari, ndipo mu 1930 anapita ku London kukajambulitsa nyimbo zace.

Nyimbo zimenezi zinakwera kumpoto ndi anyamata obwera ku Joni, ndi ophunzira amene anapita ku masukulu a kumwera, ndiponso ndi mbale za galamafoni. Aphunzitsi athu anazikopera m'makope ao ndi dzanja, wina kubwereka kwa mnzace, ndipo ana a ku Chipata ndi ku Kabwe anaimba Cizulu ndi Cixhosa cimene sanali kucimva. Kope la solfa la mphunzitsi linasanduka cuma cimene anali kucisunga m'bokosi pamodzi ndi setifiketi yace.

Ku Migodi ndi pa wailesi

Inu a ku Migodi mudziwa kuti mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, ndipo Nkana ndi Mufulira inatsatira posacedwa. M'makomboni munasonkhana Ababemba, Anyanja, Alozi, Alunda, Atumbuka, Anyakyusa ndi ena ambiri, ndipo ana ao anakhala pa benchi imodzi. Mu 1936 mishoni zingapo zinagwirizana kupanga United Missions in the Copperbelt, imene inayendetsa masukulu ambiri a kumeneko. Mphunzitsi wa kwaya anakumana ndi funso limene mnzace wa kumudzi sanalidziwe: nyimbo ya makolo, inde, koma makolo a yani? Akasankha ya Cibemba cokha, atate a ku Chipata anadandaula. Akathawira ku Cingelezi, onse anakhala alendo mofanana. Aphunzitsi anzeru anayamba kufunsa ana eni ace kuti ali yense abwere ndi nyimbo ya kwao, ndipo mwana wa Mlozi anaphunzira kubvomera nyimbo ya Cinsenga. Mmodzi wa aphunzitsi a nthawi imeneyo anali Kenneth Kaunda, amene mu 1948 anali kuphunzitsa ku Mufulira ndi kutsogolera kwaya ya mpingo kumeneko. Zimene anaphunzira poimbitsa anthu a zinenero zosiyana anazigwiritsa nchito moyo wace wonse, pakuti kufikira ukalamba wace anali kuyambitsa nyimbo pa misonkhano.

Wailesi inasinthanso zinthu. Kuulutsa mau kucokera ku Lusaka kunayamba mu 1941, m'nthawi ya nkhondo, ndipo mu 1949 kunabwera kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, kogulidwa ndi £5, kamene kanalowa m'nyumba zambiri za m'komboni. Alick Nkhata ndi anzace anatenga nyimbo za m'midzi, naziimba ndi gitala m'mau ogwirizana bwino, m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina. Tsono ana anali kufika ku sukulu ali ndi nyimbo kale m'kamwa, ndipo anamva ndi makutu ao kuti nyimbo ya kwao ikhoza kuturuka m'bokosi lomwelo limene munali kuturuka mau a Bwanamkubwa. Hugh Tracey, amene anayambitsa nyumba yosungira nyimbo za mu Africa mu 1954, anayenda ku Migodi mu 1957 kujambula oimba a m'makomboni, ndipo zimene anajambula zisungidwa kufikira lero.

Mipingo nayo inaphunzira phunziro lowawa. Kuyambira 1953, Alice Lenshina wa ku Chinsali anakoka anthu zikwi zambiri, ndipo olemba mbiri abvomerezana kuti cimodzi ca zifukwa cinali nyimbo zace, zimene zinali m'Cibemba comveka ndi pa maimbidwe amene anthu anabadwa nao. Mishoni ya Lubwa inataya akristu ace ambiri. Tsidya lija la malire, ku Kamina m'dziko la Congo, wansembe Guido Haazen ndi kwaya ya anyamata a sukulu anaika mau a Misa a Cilatini pa maimbidwe a Aluba, ndipo mu 1958 Missa Luba imeneyo inamveka ku Ulaya. Mu 1963 msonkhano waukuru wa Akatolika ku Rome unalola zinenero ndi maimbidwe a eni dziko m'mapemphero. Pambuyo pa zimenezi kunali kobvuta kuti munthu anenenso kuti ng'oma siyenera m'kwaya ya sukulu ya mishoni.

Ufulu ndi pambuyo pace

M'zaka za Federation, kuyambira 1953 kufikira 1963, kusankha nyimbo kunasanduka nkhani ya ndale. Pa masiku a Boma ana anali kufola ndi kuimba nyimbo ya Mfumukazi ya ku England, pamene madzulo makolo ao anali kutsekera misonkhano yao ndi nyimbo ya Sontonga. Mphunzitsi anali kulandira malipiro kwa Boma kapena kwa mishoni, koma anali kugona m'komboni pakati pa makolowo, ndipo anayenera kuganiza kawiri asanalembe nyimbo pa bolodi. Pa 24 October 1964, pobadwa dziko la Zambia, maimbidwe amene anasankhidwa kukhala a nyimbo ya pfuko anali a Sontonga omwewo. Tanganyika inali itawatenga kale mu 1961, Zimbabwe inawaimba kuyambira 1980 kufikira 1994, ndipo ali mbali ya nyimbo ya pfuko ya South Africa. Mwana ali yense wa m'Zambia amene aima m'mawa pa bwalo la sukulu aimba maimbidwe amene mphunzitsi wa sukulu yaing'ono anakonzera ana ace.

Ufulu unakweza nyimbo za makolo. M'mipikisano ya masukulu munakhala mwambo wakuti kwaya iimbe nyimbo imodzi yoikika ndi akulu a mpikisano, ndi ina yodzisankhira, imene kawiri-kawiri inali ya kumudzi. M'zaka za m'ma 1970 Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'Zambia. Koma panabukanso wosankha watsopano. M'zaka za cipani cimodzi, zimene kuno zinatha ndi masankho a 1991 ndi ku Malawi ndi a 1994, ana a sukulu anali kuimitsidwa pa dzuwa m'mbali mwa mseu kapena pa bwalo la ndege kuti aimbire atsogoleri, ndipo nyimbo zakale za m'midzi zinacotsedwa mau ao ndi kuikidwa maina a anthu andale. Zambiri za nyimbo zimenezo zinafa pamodzi ndi nthawi yao. Zimene zinatsala ndi zija zimene anthu anaziyesa zao popanda wowakakamiza.

Cimene mbiri iphunzitsa wosankha wa lero

Mphunzitsi wa lero ali ndi nyimbo zambiri kuposa onse amene tawachula, pakuti ana ace amva za dziko lonse pa wailesi, pa wailesi ya kanema ndi pa foni. Koma miyeso imene akale anaipeza mobvutikira ikali yomweyo. Woyamba ndi liu la mwana. Ana a sukulu ya pulaimale alibe besi, ndipo kuwapatsa nyimbo yolemera ya Handel yolembedwera akulu kungowapweteka pakhosi. Nyimbo ya mau awiri yoimbidwa bwino iposa ya mau anai yoimbidwa mopfuula. Mnyamata amene liu lace liri kusweka apatsidwe mbali yosakwera, kapena ng'oma, kufikira liu litakhazikika.

Muyeso wina ndi wa mau. Mphunzitsi ayambe wawerenga mau a nyimboyo mokweza monga alankhula, ndipo pambuyo pace awaimbe. Ngati maimbidwe apotoza mau kotero kuti mai wa pa msika sangawamve, nyimboyo ikonzedwe kapena isiyidwe. Ngati iri m'cinenero cacilendo, kaya Cizulu, Cilatini kapena Cilozi kwa ana a ku Katete, ana auzidwe tanthauzo lace asanaiimbe. Nyimbo zacilendo zisatayidwe iai, pakuti taona kuti nyimbo yathu ya pfuko inabwera monga mlendo.

Ndiponso nyimbo ya makolo iri ndi eni ace. Ziripo za pa mtondo, za pa ukwati, za m'nthano, za asodzi ndi za alenje, zimene mwana ali yense akhoza kuimba. Ziriponso za ku cinamwali, za ku dambwe ndi za pa maliro, zimene sizituruka pa bwalo popanda kufunsa anamkungwi ndi akulu a mwambo. Mphunzitsi wofuna cikho asatenge zoterezi mwakuba. Akapatsidwa nyimbo, aiphunzire monga aiimba eni ace, ndi m'manja mwace ndi kabvomeredwe kace, asanaganize zoiika m'mau anai.

Apa ndi pamene inu makolo mulowa. Ana ambiri a ku Kitwe, Chingola ndi Lusaka anabadwira m'tauni, ndi makolo ao omwe, ndipo ena sanaonepo mtondo uli kusinjidwa ndi akazi atatu. Nyimbo zimene agogo anabwera nazo pa lole kucokera ku Petauke, ku Lundazi kapena ku Dedza zikhala m'mitu ya anthu owerengeka, ndipo caka ndi caka ena a iwo tiwaperekeza ku manda. Fraser anapeza nyimbo cifukwa aphunzitsi a m'midzi anabwera nazo, ndipo Nkhata anazipeza cifukwa anthu anamuimbira. Ngati m'nyumba mwanu muli nkhalamba yodziwa nyimbo ya kwanu, pitani nayo kwa mphunzitsi wa kwaya temu ino isanathe, kuti aimve ndi kuilemba, ndipo ana a mitundu yonse a m'kalasimo aiphunzire.